Nsapato Zomaliza za a Bweranimawa

Nsapato yanga yakumanzere inayasama Lachinayi m'mawa, ndili pakati pa khonde lalitali la chipatala, ndikukankha kangolo kodzaza mashiti. Ndinangomva kuti phwaa, soli yalekana ndi chikopa kuyambira kuzala mpaka pakati. Akapitawo athu a kochapira anali pambuyo panga. Anayang'ana nsapatoyo, anayang'ana ine, kenako anati, "Mayi, ndakhala ndikukuonani mwezi wonse uno. Mawadi asanu amadikira mashiti kwa inu. Lolemba mubwere mukuyenda bwino, apo ayi ndiika wina pangolopo."

Ine pakamwa sindichedwa, aliyense pantchito amadziwa, koma tsiku limenelo ndinameza mawu. Ankanena zoona. Ndinabadwa ndi mwendo wakumanzere waufupi, phazi lake laling'ono, lopindikira mkati, lili ndi kafupa kotuluka m'mbali. Nsapato za m'sitolo sizindidziwa ine. Popanda nsapato yanga yokhuthala soli, kuchoka kochapira kukafika wadi yoyamba chiuno chimakhala chayaka kale moto. Munthu mmodzi yekha padziko pano ndiye ankadziwa kusoka nsapato ya phazi limeneli, agogo anga aamuna obala bambo anga, ndipo pamene izi zinkachitika n'kuti patatha miyezi itatu tiwaikire m'manda.

Agogo anaphunzira ntchito kufakitale ya nsapato. Sankasoka poyamba, ankasema zikombole, mapazi amtengo aja amene amakungirapo chikopa kuti nsapato itenge maonekedwe a phazi. Anagwira zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tsiku lina m'mawa anapeza geti lili ndi loko wamkulu, mlonda akuwauza kuti eni ake apita. Anabwerera kunyumba ndi nyundo, mpeni wopindika ndi kaphazi kachitsulo kokhomerapo misomali. Sabata yotsatira anakapempha malo pakhonde la sitolo ya utoto ndi malata, pakona pomwe dzuwa limafika mochedwa. Anakhala pakona pamenepo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, mpaka simenti inakumbika pomwe ankaponda.

Dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso. Tauni yonse inkawatchula kuti a Bweranimawa, chifukwa munthu akabwera kudzatenga nsapato yake, yankho linali lomwelo: "Bwerani mawa." Ankayankhula misomali ili mkamwa, itatu kapena inayi kumbali ya mlomo, moti mawu ankatuluka ngati akudutsa m'sefa. Anthu ankakalipa, ankalumbira kuti sadzabweranso, koma mwezi wotsatira uwapeze ali pabenchi pompo, phazi limodzi lili m'sokosi. Nsapato ikakhala kuti yatheratu, agogo ankaitembenuza kawiri, n'kuibweza mwaulemu ndi manja awiri.

"Achimwene, iyi sikufunanso msoki. Kaitanireni abusa."

Analinso ndi khalidwe lina lomwe linkawakwiyitsa anthu. Ankawerenga nsapato. Akaona mmene chidendene chathera, ankakuuza kuti uli ndi vuto la bondo, kapena umasenza katundu phewa limodzi, kapena umayenda usiku kwambiri kuposa mmene akazi ako akudziwira. Ankati pakamwa pamanama koma chidendene sichinama. Anthu ankaseka, ena n'kumabisa mapazi pansi pa benchi.

Ine ndinafika m'manja mwawo ndili ndi zaka zinayi. Bambo anga anali atamwalira, mayi anga atakwatiwa kwina komwe mwana wotsimphina sankafunika. Agogo aakazi n'kuti atatsogola kale, choncho m'nyumba ya zipinda ziwiri ija tinalimo atatu: agogo, azakhali anga omwe sanakwatiwe, ndi ine. Nthawi imeneyo ndinkayenda modumpha, ndikatopa n'kumakwawa. Agogo anandiyang'ana sabata yathunthu. Loweruka anandikhazika pakampando moyang'anizana nawo, n'kuika mapazi anga onse awiri pamaondo awo.

Sankagwiritsa tepi, sankalemba papepala. Ankatseka maso n'kumalisisita phazi ndi zala, kuchokera kuchidendene, kudutsa pakafupa kaja, mpaka kuzala, mobwerezabwereza, ine ndikuseka chifukwa chonyerenyetsa. Kenako ankandiimiritsa n'kulowetsa zala zawo pansi pa phazi lalifupilo kuti aone mpata. Chaka chimenecho zinalowa zala ziwiri. Anasema zikombole masiku atatu, anasoka masiku anayi, ndipo anthu onse a pabenchi anauzidwa kuti abwere mawa. Nditavala ndinaima chilili, mapewa onse mofanana, koyamba chibadwire. Ndinayenda kuchoka pakhomo kukafika pampopi osagwira khoma. Azakhali analira. Agogo anangoti, "Kasitomala wakhutira?" ndipo dzina langa kwa iwo linakhala limenelo, Kasitomala.

Chaka chilichonse phazi likakula, ndinkakhalanso pakampando paja. Zala ziwiri zinasanduka zitatu, kenako zinayi, n'kuima pomwepo. Zikombole zakale sankataya. Ankazimanga ziwiriziwiri ndi chingwe n'kuzipachika pamisomali kukhoma la chipinda chawo, kuyambira tating'ono mpaka zazikulu. Mlendo akalowa ankadzidzimuka kuona mapazi ali lendelende pakhoma.

Kusukulu ana ankanditcha Njerwa chifukwa cha soli ija. Tsiku lina ndinabwera ndikulira, ndinaivula n'kuiponya kuseri kwa chitseko. Agogo anaitola, anaipukuta ndi malaya awo, n'kundifunsa kuti amene wayambitsa ndani. Nditawauza anati, "Iyeyo nsapato yake ndi yansalu, ndinaisoka ndine. Yako ili ndi tayala la lole. Ine sindinanene kanthu, koma ganiza wekha." M'mawa mwake ndinamuponda mnyamatayo chala chachikulu, ndipo analira mpaka aphunzitsi a kalasi ina anatuluka. Agogo ataitanidwa ku ofesi anapepesa bwinobwino, chipewa chili m'manja. Tikubwerera anandigulira masiwiti.

Ndinkawakonda agogo anga, ndinene mosabisa. Lamlungu lililonse masana tinkakhala pakhomo kupolisha nsapato zanga, iwo yaikulu, ine yaing'ono. Anandiphunzitsa kuti nsapato yonyowa suiyanika pamoto, umaikamo nyuzipepala. Nditapeza ntchito kuchipatala anandisokera zakuda zolimba, n'kuika kachikopa kofewa mkati pomwe kafupa kaja kamakhuza. Anati, "Makonde a kumeneko ndi aatali, Kasitomala. Izi zikutengera zaka zitatu ukamazisamala."

Tsono chomwe chinatilekanitsa ndi mwamuna, ndipo ndikamakumbukira ndimafuna kudzimenya mbama ndekha. Anali dalaivala wa ambulansi, woseka bwino, wonunkhira sopo. Anandifunsira ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ine amene palibe anandiimitsapo panjira ngakhale kufunsa nthawi. Ndinapita naye kunyumba kuti akaonekere. Anavula nsapato pakhomo mwaulemu, analowa, anacheza, agogo anamulandira bwino. Koma ali mkati mwa kumwa tiyi, agogo anatuluka ngati akupita kukataya madzi. Ndinawaona pawindo atatola nsapato za mlendo, akuzitembenuza.

Atapita, ndinawafunsa kuti amuona bwanji.

"Ndi waulemu," anatero.

"Nanga nsapato zija mumaziyang'ana chiyani?"

Akanangonama, abale, akanangonama tsiku limodzi lokhalo! Koma agogo sankatha. "Zatha kutsogolo kokha, chidendene chikadali chatsopano. Munthu ameneyu saponda pansi ndi phazi lonse. Otere sakhalitsa pamalo."

Ndinawauza mawu amene sindinauzepo ngakhale mdani. Ndinati, "Inu moyo wanu wonse mwakhala mukununkhiza mapazi a anthu, mungadziwe chiyani za mtima wa munthu? Mwamuna mmodzi yekhayu wandifuna ndi mwendo wangawu. Mukufuna ndikalambire pakampando kanuko?"

Azakhali anagwira pakamwa. Agogo sanakweze mawu. Anayang'ana mapazi anga, osati nkhope, n'kunena kuti, "Zimenezo zatsala ndi zaka ziwiri. Udzabwere tidzayeze."

Ndinalongedza tsiku lomwelo. Ndinakakhala ndi dalaivala uja kutsidya lina la tauni, ulendo wa mabasi awiri kuchokera kwa agogo. Anakhala nane miyezi khumi ndi umodzi. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza chikwama chake palibe, wailesi palibe, pansi pa bedi patatsala nsapato zake zakale zija. Ndinazitembenuza. Zidendene zinali zatsopano ndithu. Ndinaziponya m'dzala, ndipo kulira kwake sikunali kolirira iye.

Apa munthu wanzeru akanakwera mabasi awiri aja n'kukagwada. Ine ayi. Ndinkati ndipita mwezi wamawa, mkwiyo ukatha. Mkwiyo utatha panatsala manyazi, ndipo manyazi ndi olemera kuposa mkwiyo. Ndinkaganiza za nkhope yawo, mmene sadzanenere kuti ndinakuuza, mmene adzangokokere kampando kaja. Kusanena kwawoko ndi kumene ndinkakuopa.

Azakhali anabwera katatu. Ulendo woyamba anati agogo akuti nthawi yoyeza yakwana. Ndinati ndamva, ndibwera. Ulendo wachiwiri anafika akuseka, anati, "Akuti ngati mwini wake ali wotanganidwa, atumize phazi lokhalo pabasi, alibweza madzulo." Ndinaseka nawo, koma sindinapite. Ulendo wachitatu anandipeza nditatopa, chiuno chikuwawa, anayamba kunena kuti maso a agogo achita ng'ala, asiya kupita pakhonde, ndipo pali chinthu chimene chachitika kuchipinda kwawo. Sindinawalole kumaliza. Ndinati, "Azakhali, ngati mukubwera kudzandiona, bwerani. Koma mukabweranso ndi uthenga kapena kanthu kochokera kumeneko, musadzagogode pano." Anatola kachikwama kawo n'kupita, tiyi osamumaliza.

Patatha miyezi isanu foni inalira ndili kochapira. Agogo anali atadwala chifuwa sabata imodzi yokha. Ndinawapeza atagonekedwa kale, manja ali pachifuwa, zala zija zakuda ndi phula ndi polishi zomwe sopo sankazitha. Ndinafuna kuzigwira koma ndinaona kuti sindikuyenera.

Mwambo wa maliro utatha, anthu atabalalika, azakhali anandipatsa katoni yokulungidwa m'nyuzipepala, yomangidwa ndi ulusi wosokera nsapato. Mfundo yake ndinaidziwa, inali ya agogo. Anati, "Izi ndi zako. Anamanga okha." Ndinadziwa zomwe zinali mkatimo. Ndinafika nayo kunyumba n'kuiika pamwamba pa kabati osatsegula. Ndinkadziuza kuti ndikusunga, zakalezi zithe kaye. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuona ntchito ya manja awo. Komabe mtima unali m'malo: nsapato zikutha, inde, koma zina zilipo pamwamba pa kabati.

N'chifukwa chake Lachinayi lija akapitawo atandiopseza sindinade nkhawa kwenikweni. Ndinamanga soli ndi bandeji, ndinamaliza tsiku, ndipo Lachisanu m'mawa ndisanapite kuntchito ndinatsitsa katoni ija. Ndinadula ulusi. Fungo la chikopa ndi phula linandimenya m'mphuno, ndinakhala pabedi. Zinali zakuda, zopolishidwa, mkati muli nyuzipepala. Misoko yake sinali yowongoka ngati kale, pena yotalikirana, pena yobwerezedwa, koma yolimba. Ndinatenga yaing'ono yokhuthala ija, ndinaipsompsona, ndinawerama kuti ndivale.

Phazi linakana. Ndinamasula zingwe zonse, ndinayesanso, linakananso. Ndinaiika pansi pafupi ndi inzake n'kuziyang'ana bwino. Nsapato yaing'ono, yokhuthala soli, yopindikira mkati, inali ya phazi lakumanja. Yaikulu yabwinobwino inali yakumanzere.

Kenako ndinayesa zopusa, kukakamiza phazi lopindikira kuno mu nsapato yopindikira uko. Ndinaimirira, ndinaponda kamodzi, ndinagwera pachitseko.

Kuntchito sindinapite. Ndinatenga katoni ndi nsapato yanga yoyasama kupita pakhonde la sitolo ya utoto. Pakona ya agogo panali msoki wina, bambo wa ndevu, ali ndi mabotolo a guluu ndi wailesi. Anazitenga nsapato zatsopanozo, anazitembenuza, analiza mluzu.

"Izi ndi za a Bweranimawa. Ntchito iyi kulibenso, mayi."

"Sinthani soli, muike kumanzere."

"Soli ndingasinthe, koma chikopachi anachikunga pachikombole. Yaikuluyi phazi lanu lizisambiramo, yaing'onoyi yapindikira kolakwika. Pafunika kusema zikombole zina, kuyambiranso."

"Ndiye semani."

Anaseka mopanda chipongwe. "Ife timangomata ndi kusoka zong'ambika. Kusema ndani anatiphunzitsa? Madalawo ndinkawapempha, ankangoti bwera mawa."

Yakale ija anaiyang'ana n'kupukusa mutu. Anati chikopa chafumbwa, ulusi sungagwire, guluu angandifikitse Lachitatu basi. Ndinamuuza amate. Ndinazungulira asoki ena anayi tsiku limenelo, onse mawu amodzimodzi. Ndinapitanso kuchipatala kwathu, komwe kuli chipinda chopangira ndodo ndi miyendo ya anthu olumala. Anandilemba m'kaundula, anati zipangizo zinatha chaka chatha, ndipo patsogolo panga pali anthu oposa zana.

Loweruka ndinakwera mabasi awiri aja, amene ndinalephera kukwera agogo akadali moyo. Azakhali ndinawapeza akuchapa. Ndinaika nsapato patebulo. Anaziyang'ana, anayang'ana mapazi anga, anaziyang'ananso, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono, manja ali ndi thovu.

"Mayo ine. Sindinaone, mwana wa achimwene. Anakulunga okha."

"Zatheka bwanji, azakhali? Zikombole zanga anali nazo."

Anandilowetsa kuchipinda kwa agogo. Pakhoma panali misomali yokhayokha, ndi mizere yadothi yokwera kuchokera pansi. Chiswe. Chinalowa nthawi yamvula, chinadya zikombole zonse mkati n'kusiya makoko. Agogo atagwira chachikulu chija chinangofumbutuka m'manja. Ndi zimene azakhali anabwera kudzandiuza ulendo wachitatu uja, ine n'kuwatseka pakamwa.

"Anakudikira," anatero azakhali. "Loweruka lililonse ankatulutsa kampando kaja. Kenako anati nsapato zako zatsala miyezi yochepa, sangadikirenso, asema za pamtima. Maso n'kuti atapita, ankangoona mbuu. Anasema mwezi wathunthu, mitengo ili pamiyendo, zidendene zaloza kumimba kwawo ngati mapazi awo omwe. Ndinawafunsapo kuti bambo, mukukumbuka bwino? Anandikalipira. Anati zaka makumi atatu phazi laling'ono la Kasitomala lakhala likugwera m'dzanja langa lamanja ili, ndingaiwale lero?"

Ndinatseka maso n'kudziona ndili pakampando, moyang'anizana nawo. Phazi langa lakumanzere linkagweradi m'dzanja lawo lamanja. Sanaiwale kanthu. Ndinalowetsa dzanja mu nsapato yaing'onoyo: kachikopa kofewa kanalipo, kadzenje ka kafupa kaja kanalipo, pamalo pake penipeni. Ndinayeza soli, zala zinayi zawo, zomwe ndi zisanu zanga. Chomwe chinasowa ndi ine, kukhala patsogolo pawo mphindi zisanu zokha. Tauni yonse ankaiuza kuti bwerani mawa, ine ndekha sanandiuzepo. Mawa ndinkanena ndine.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandibweretsere agogo akadali moyo, mwina tikanakonza. Ndinafunsa mokalipa, monga mwa khalidwe langa. Azakhali sanabweze ukali. Anati, "Unati ndisadzagogode ndi kanthu kochokera kuno. Ndinaibisa katoniyo pansi pa bedi langa, iwo ndinawauza kuti ndapereka."

Ndinabwezera nsapatozo m'katoni. Madzi ankadontha pampopi panja.

Lolemba ndinapita kuntchito ndi nsapato yomatidwa. Guluu sanafike n'komwe Lachitatu, analekana Lachiwiri masana pakhomo la wadi yachitatu. Akapitawo sanakalipe. Anandiitanira mu ofesi, anandipatsa mpando, anati ndipume kaye kunyumba mpaka nditapeza nsapato, pangolo aikapo wina mongogwirizira. Wogwirizirayo tsopano watha miyezi inayi, ndipo ndamva kuti amupatsa yunifolomu. Ndinabweza nyumba ya lendi ija, ndinabwerera kwa azakhali. Ndimagona m'chipinda cha agogo, pansi pa misomali ija. Ndimayenda ndi ndodo kukafika pampopi, pomwe ndinafika osagwira khoma ndili ndi zaka zinayi. Kuchipinda cha ndodo ndi miyendo ndapitako kasanu, kaundula sanasunthe.

Lamlungu lapitali ndinatulutsa nsapato zija pakhomo kuti ndizipolishe, chikopa chingaume. Azakhali anakhala pambali panga, anatenga yaikulu, ine yaing'ono. Tili mkati ndinawafunsa funso lomwe ndinkalizemba, ngati agogo ananditchulapo m'masiku omaliza.

Anapitiriza kupolisha kanthawi. Kenako anati, "Tsiku lomaliza m'mawa, mpweya ukuvuta, anandikoka dzanja. Anati, zamukwana?"

"Munati chiyani?"

"Ndikanati chiyani? Ndinati zamukwana, bambo, akuthamanga nazo m'makonde monse."

"Ndiye iwo?"

"Anamwetulira. Anakweza manja awo n'kumawayang'ana ngati akuwaona, anati, ndinadziwa, awa saiwala."